Kusula mpeni kuchokera ku sipuling'i yakutha ya galimoto

Mpeni umene timasendera chinangwa ndi kudulira nyama kunyumba kwathu unali sipuling'i ya galimoto. Ndinaigula yadzimbiri kwa ogulitsa zitsulo zakutha, ndipo ndinaisula ndekha kuseri kwa nyumba. Kusula si ntchito imene imandidyetsa. Ndimasula Loweruka masana chifukwa ndimakukonda, ndipo ndikufuna kuti amene mwakhala mukulakalaka kuyamba muone kuti zofunika zake zambiri zili pafupi nanu.

Luso ili si lachilendo kwathu kuno. David Livingstone atakwera kumapiri a m'mbali mwa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo ndi kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Mabwinja a ng'anjo zakale akuonekabe ku Kasungu ndi kumapiri a Nyika. Anthu amenewo ankayambira pa miyala yokumba m'nthaka. Ife tili ndi mwayi, chitsulo chabwino timangochitola pamulu.

Oyamba kumene amaganiza kuti wosula ndi munthu wa manja amphamvu. Zimene ndaona ine ndi zoti nyundo imangopatsa chitsulo maonekedwe, koma chimene chimasandutsa chitsulocho kukhala mpeni wodula ndi moto. Ndiye m'malangizo awa nditaya nthawi yambiri pa moto ndi pa mitundu ya chitsulo chotentha, chifukwa ndi pamene mipeni yambiri imafera.

Mangani chipala

Sankhani malo a panja kapena m'chisakasa chopanda zipupa, kutali ndi udzu wouma ndi denga laudzu. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Musasulire m'chipinda. Koma malowo akhale amthunzi, chifukwa padzuwa simungaone mtundu weniweni wa chitsulo.

Chipala chosavuta ndi cha pansi. Kumbani kadzenje kotalika masentimita 30, kotambalala masentimita 15, kozama masentimita 10 kapena 12. Ikani njerwa zootcha mbali ziwiri zazitali, kutsogolo ndi kumbuyo kukhale kotsegula kuti chitsulo chachitali chizidutsa. Matani m'kati ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga ndi phulusa, ndipo mulisiye liume masiku awiri kapena atatu. Musagwiritse ntchito simenti kapena miyala ya kumtsinje. Zimenezi zimasunga madzi m'kati ndipo zimaphulika zikatentha.

M'chipupa chimodzi boolani pamene padzalowe paipi ya mpweya. Paipiyo ikhale yotambalala masentimita awiri kapena atatu, ipendekere pansi pang'ono, ndipo kamwa yake ikhale masentimita atatu kapena anayi kuchokera pansi pa dzenje kuti phulusa lisaitseke. Kutirani nsonga yake ndi dongo kuti isanyeke. Apa mvetsetsani: paipi ikhale yachitsulo chakuda. Mapaipi amadzi otuwa aja, malata ndi mawaya a mpanda amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ikapsa imatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu, kuyambira mutu, kutentha thupi mpaka kubanika. Chitsulo chilichonse chonyezimira chimene simukudziwa chimene anachipaka, chisalowe m'moto wanu.

Za mpweya zilibe vuto lalikulu. Akale ankavukuta ndi mivukuto ya zikopa za mbuzi, ndipo imagwirabe ntchito ngati muli ndi mnzanu wokuvukutirani. Amisiri ambiri a m'misika amalumikiza gudumu la njinga ndi kachipupizira ka malata kudzera pa lamba, n'kumazunguza ndi dzanja. Ine ndimagwiritsa ntchito kafani kochotsa m'galimoto yakutha, kolumikiza ku batire. Makala safuna mphepo yamkuntho. Mukaona akuthetheka ndi kuuluka, mpweya wachuluka, ndipo mukungotha makala ndi kudyetsa chitsulo chanu ku moto.

Makala aphwanyeni akhale timibulu ta masentimita awiri kapena atatu, ndipo musefe fumbi lake. Makala akuluakulu a pambaula amasiya mipata imene mpweya wozizira umadutsamo n'kukafika pachitsulo. Makala oumba ndi dothi aja ndi abwino kuphikira, koma m'chipala amangodzaza phulusa. Ndipo poti nkhalango zathu zikutha tikuona, gulani kwa amene ali ndi chilolezo chootcha, kapena otchani anu kuchokera ku nthambi zosadza ndi nsungwi za pakhomo. Malasha, monga okumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, amasulanso, koma amafuna mpweya wambiri ndipo utsi wake anansi sangakondwe nawo. Yambani ndi makala.

Chosulirapo, nyundo ndi mbaniro

Musadikire kupeza chosulirapo cha azungu chokhala ndi nyanga chija. Mutu wa nyundo yaikulu yophwanyira miyala, ya makilogalamu anayi kapena kuposa, ndi wokwanira. Uimikeni m'chitsa cholimba chimene mwachigoba kuti mutuwo ulowe theka, nkhope yake iyang'ane kumwamba. Chidutswa chonenepa cha ekiselo ya lole chimachitanso bwino. Chofunika ndi kulemera kumene kuli pansi penipeni pa pomwe nyundo ikugwera, osati kutambalala kwa pamwamba. Chosulirapo chisagwedere, ndipo ngati mumasula choimirira, nkhope yake ifike pamene pamathera chibakera chanu mutatsitsa mkono. Chiikeni phazi limodzi kapena awiri kuchokera pamoto, chifukwa chitsulo chopyapyala chimazizira mukuyenda nacho.

Nyundo ya kilogalamu imodzi ndi yabwino. Yolemera kuposa apo idzakutopetsani msanga, ndipo mkono wotopa sulunjika. Palani m'mphepete mwa nkhope ya nyundo kuti mukhale mobulungira pang'ono, apo ayi idzasiya mabala akuya pa mpeni. Onetsetsaninso kuti mutu wake wakhazikika bwino pa mpini.

Kupatula izi mufunika mbaniro kapena pulayala yaikulu yogwira zolimba, tupa, sowo yodulira zitsulo kapena grinder, burashi yawaya, maginito ochotsa m'sipika yakutha ya wailesi, ndowa ya madzi, ndi chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro chothiramo mafuta. Zambiri mwa izi zimapezeka m'misika ngati wa Ndirande ku Blantyre.

Magalasi oteteza maso muziwavala nthawi zonse, kuyambira pokoleza moto mpaka pozimitsa. Zovala zikhale za thonje, chifukwa nayiloni imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Nsapato zikhale zotseka. Chitsulo chimene chada chikhoza kukhala chotenthabe madigiri mazanamazana, choncho musanagwire chilichonse cha pafupi ndi chipala, yandikizani kaye kuseri kwa dzanja. Ana amakonda kudzaonerera. Ajambulireni mzere pansi umene sayenera kuudutsa. Mukapsa, thirirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, musapakepo mankhwala otsukira mano kapena dzira, ndipo ngati bala ndi lalikulu pitani kuchipatala.

Phunzirani mitundu ya moto musanakhudze sipuling'i

Tengani kachitsulo kofewa kobulungira ka mamilimita 6 kapena 8, konga kamene amapangira zotchinga mawindo, kotalika theka la mita kuti mukagwire ndi dzanja. Kolezani moto, unjikani makala mpaka apitirire paipi ndi masentimita 10, ndipo lowetsani chitsulo chogona pakati pa muluwo, pamwamba pa paipi, makala ena ali pansi ena ali pamwamba pake. Musachizike pansi pomwe mpweya ukutulukira. Pamenepo m'pamene chitsulo chimanyekera.

Tsopano yang'anani. Chiyamba kufiira moderako ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Kenako chifiira psuu. Kenako chikhala ngati papaya wakupsa, pamenepo chili pafupi ndi madigiri 900 mpaka 1,000, ndipo chimamvera nyundo ngati dongo louma pang'ono. Chikapitirira chimasanduka chachikasu, kenako choyera mbee, ndipo chimayamba kulavula tinyenyezi tothetheka. Tinyenyezi timeneto ndi chitsulo chimene chikupsa. Chitani dala kamodzi, muwotche nsonga ya kachitsuloko mpaka ithetheke, kuti maso anu adziwe malire. Mbali yopsayo iduleni n'kutaya, siibwereranso.

Ndi kachitsulo komweko phunzirani kusongola. Menyani kunsonga, tembenuzani pang'ono kuti mbali ya m'mphepete ibwere pamwamba, menyani, bwezani, mpaka nsongayo ikhale ya ngodya zinayi ndipo ikunka niwonda. Kenako gwetsani ngodyazo zikhale zisanu ndi zitatu, n'kumaliza poibulungiza. Mukayesa kusongola mukungozunguza chitsulo chobulungira, chimang'ambika pakati. Pindani nsongayo m'mphepete mwa chosulirapo mupange ngowe yopachikapo zikho kapena malaya. Pangani ngowe zisanu kapena khumi. Ndikudziwa kuti mtima uli pa mpeni, koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngowe zimenezi ndi zimene zidzaphunzitse dzanja lanu kugwetsa nyundo pamene diso likufuna.

Kusankha ndi kuwongola sipuling'i

Chitsulo chofewa chili ndi kaboni wochepa (kaboni ndi chinthu chomwe chija chimapanga makala, ndipo amakhala wosakanikirana m'chitsulo), moti ngakhale mutachiviika m'madzi chili chofiira sichilimba mokwanira kusunga kuthwa. Masipuling'i ambiri a galimoto ali ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo ndi amene amachititsa kuti chitsulocho chilimbe chikazizira mwadzidzidzi. Zitsulo zomangira nyumba zokhala ndi mizere zija sizidalirika pa mpeni: china chimalimba, china ayi.

Kwa woyamba ndimalimbikitsa sipuling'i yopota, yonenepa mamilimita 12 kapena pafupi ndi apo, osati yaphanthiphanthi ya lole. Yaphanthiphanthi ndi yonenepa kwambiri ndipo mudzathera tsiku lonse kuipyapyalitsa. Gulani imene yachotsedwa kale ndipo ili payokha. Sipuling'i imene ikadali yopanikizidwa pa shoko musaidule kapena kuimasula nokha, imafwamphuka ndi mphamvu yotha kuthyola fupa. Pewaninso yothyoka kapena yodyeka kwambiri ndi dzimbiri, chifukwa ming'alu yake imabisala m'kati. Ngati ili ndi penti, ipaleni musanaiike pamoto.

Dulani mkombero umodzi ndi theka. Tenthetsani gawo limodzi mpaka mtundu wa papaya, liwongoleni pa chosulirapo, sunthirani patsogolo, mpaka mukhale ndi ndodo ya masentimita 40 kapena kuposa. Utali umenewu ukuthandizani kugwira ndi dzanja popanda mbaniro pa ntchito yambiri.

Musanapitirire, yesani chitsulocho. Phwatalitsani kansonga, katenthetseni kafiire bwino, kaviikeni m'mafuta, ndipo kakazizira kayendetseni tupa. Mukamva kuterereka ngati pagalasi, chitsulo ndi chabwino. Dulani kansongako ndi kutaya.

Chitsulo cha sipuling'i chili ndi malamulo atatu amene chofewa chilibe. Musachifikitse pa chikasu chowala. Musachimenye chikatsika kufika pofiira moderako, chifukwa chimachita ming'alu imene simudzaiona mpaka tsiku lolimbitsa. Ndipo musachiviike m'madzi kuti chizizire msanga pamene mukusula.

Kusula mpeni weniweniwo

Yambani ndi nsonga. Songolani masentimita atatu akumapeto monga munachitira pa ngowe, koma musawondetse kwambiri. Mukayamba ndi kuphwatalitsa, mapeto amapindikira m'kati ngati kamwa ya nsomba ndipo nsonga imatuluka yong'ambika.

Kenako phwatalitsani masentimita 8 kapena 9 a ndodoyo mpaka ifike mamilimita anayi kapena asanu kunenepa. Menyani mbali zonse ziwiri mofanana, mukutembenuza pa kutenthetsa kulikonse. Chitsulocho chitalika chokha kufika masentimita 11 kapena 12, umene ndi msinkhu wabwino wa mpeni woyamba. Nthawi iliyonse mukachotsa pamoto, palani makoko akuda ndi burashi ndipo sesani pa chosulirapo, apo ayi makokowo amakhomereka m'chitsulo n'kusiya timaenje.

Tsopano sankhani mbali imene idzakhale kumsana ndi imene idzakhale kodulira. Bweretsani kodulirako m'mphepete mwa chosulirapo, kwezani msana pang'ono, pendeketsani nyundo mofanana, ndipo menyani motsatira m'mphepetemo kuchokera kumbuyo kupita kunsonga. Tembenuzani, chitani chimodzimodzi mbali inayo, kuchuluka kwa nyundo kukhale kofanana kuti kodulira kukhale pakati. Muona mpeni ukupindikira kumsana ngati nthochi. Musadabwe: mbali imene mukuipyapyalitsa ikutalika pamene msana sukutalika. Pali njira ziwiri. Mukhoza kuupindiratu pang'ono cha kodulira musanayambe, kuti uwongoke wokha. Kapena, ukapindika, utenthetseni, ugonekeni chamsana pa chitsa, n'kuwongola ndi chibonga cha mtengo chimene sichiphwanya kodulira. Ine ndimachita zonse ziwiri.

Lekani kodulira kukadali konenepa mamilimita awiri. Chitsulo cha pamwamba chimataya kaboni m'moto, choncho mufunika kusiya choti mudzapale. Pamene mpeni ukupyapyala, chepetsani mpweya ndipo musachotse maso pamoto. Nsonga yopyapyala imapsa pa kamphindi komwe mwatembenuka kuyankha moni.

Chatsala ndi mchira wolowa m'chigumbu. Pamene mpeni ukuthera, ikani chitsulocho m'mphepete mwa chosulirapo ndipo menyani kuti papangike mapewa mbali zonse ziwiri. Dulani ndodo masentimita anayi kuchokera pamapewapo, gwirani mpeni ndi mbaniro, ndipo kokani mchirawo ndi nyundo mpaka utalike masentimita 8, wa ngodya zinayi, wowonda chakumapeto. Pamene mchira ukukumana ndi mpeni pakhale pokhota mofatsa. Ngodya yakuthwa pamenepo ndi pomwe mipeni imathyokera. Malizani ndi kuwongola zonse ndi nyundo zopepuka, mukuyang'ana motsatira msana ngati mmene kalipentala amayang'anira thabwa.

Kupumitsa chitsulo ndi kupala

Chitsulo chimene chatenthedwa ndi kumenyedwa kambirimbiri chimakhala ndi timibulu tatikulutikulu m'kati, ndipo mpeni wotere umathyoka msanga. Mankhwala ake ndi osavuta. Mangirirani maginito ku waya. Tenthetsani mpeni wonse mofanana mpaka maginito aleke kuukoka, zimene zimachitika pa madigiri 770, onjezerani pang'ono, kenako utulutseni uzizire mumpweya mpaka ude. Chitani katatu, ulendo uliwonse moto wocheperako pang'ono. Ulendo wachinayi, ukafiira, ukwirireni m'chitini cha phulusa louma ndipo muusiye usiku wonse. Mawa lake udzakhala wofewa moti tupa adzadya bwino.

Makoko akuda aja ndi olimba ndipo amabunthitsa tupa. Viikani mpeni mu viniga usiku umodzi, mawa mutsuke ndi burashi. Kenako umangeni pa thabwa n'kupala: msana uwongoke, mapewa afanane, mbali ziwiri zitsetsereke mofanana kupita kodulira. Siyani kodulira kuli pafupifupi milimita imodzi. Mukanoleratu panopa, kudzapindika kapena kung'ambika m'mafuta. Chotsani mizere yakuya ya tupa ndi sandipepa, makamaka yopingasa, chifukwa mng'alu umakonda kuyambira mumzere.

Ino ndi nthawinso yoboola chigumbu, mpeni usanalimbe. Tengani kamtengo kouma kolimba. Zidutswa za mlombwa zotsala kwa kalipentala ndi zabwino, ngakhale mtengo wa gwafa umachita. Boolani kabowo kakang'ono kotsogolera, vekani mphete yodula ku paipi ya kopa kumapeto kwake kuti kasang'ambike, tenthetsani mchira ufiire pang'ono, n'kuulowetsa m'bowomo monga amachitira poika khasu pa mpini. Lowetsani, tulutsani msanga, bwerezani. Lekani patatsala theka la sentimita kuti mapewa afike, ndipo kokotani makala a m'bowomo. Kotsalako mudzakhomera pomaliza.

Kulimbitsa

Apa ndi pamene ntchito yonse imapindulira kapena kutayikira, ndipo zimatenga mphindi zochepa. Chitani madzulo dzuwa litapendeka, kuti mitundu ioneke bwino.

Thirani malita awiri kapena kuposa a mafuta ophikira m'chitini chachitsulo chozama moti mpeni wonse umire. Afunditseni poviikamo chitsulo china chotentha mpaka afike pafupi madigiri 50, pamene chala chimangopirira kamphindi. Mafuta ofunda ndi opepuka ndipo amazizitsa chitsulo bwino kuposa ozizira. Oilo wakutha wa galimoto amisiri ena amagwiritsa ntchito, koma utsi wake ndi woipa ndipo sindikulimbikitsani. Madzi ndiye ayi. Mpeni wanga wachiwiri ndinauviika m'madzi, ndinamva kuti the! ndipo nditautulutsa unali ndi ming'alu itatu kodulira. Ntchito ya masabata awiri inathera pomwepo. Madzi amazizitsa mwankhanza kwambiri pa chitsulo cha sipuling'i.

Moto ukhale wautali, wodekha, wa mpweya wochepa. Njira yabwino ndi kukwirira chidutswa cha paipi yakuda yotambalala m'makala, chifiire, n'kumatenthetsera mpeni m'kati mwake, chifukwa motero kutentha kumafika ponse mofanana. Ngati mulibe paipi, ikani mpeni msana uli pansi, ndipo muziuyendetsa uku ndi uku. Yambani kutenthetsa chakumchira kumene kuli konenepa, nsonga ibwere pomaliza. Cholinga n'chakuti kodulira konse kukhale mtundu umodzi, popanda pena powala pena pakuda.

Yesani ndi maginito pafupipafupi. Akaleka kukoka, mwafika pa 770, koma chitsulochi chimafuna pafupi ndi 830. Ubwezeni pamoto uwale pang'ono chabe kuposa pamenepo, ndipo muusunge pa mtundu umenewo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri osaulola kukwera. Ena amawaza mchere pa mpeni, poti mchere umasungunuka pa madigiri 801, ndipo ukasungunuka amadziwa kuti ali pafupi. Kupitirira mpaka mtundu wa papaya wowala ndi kulakwitsa kumene ambiri amachita. Mpeni umalimba ndithu, koma timibulu tija timakulanso ndipo kodulira kumabenthuka.

Tsopano, mosazengereza, chotsani ndi kumiza m'mafuta, nsonga patsogolo, mpeni uli chilili. Nkhope yanu isakhale pamwamba pa chitini, chifukwa mafuta amatha kuyaka. Akayaka, musatulutse mpeni theka. Umizeni wonse ndipo lawi lizima, likakana vindikirani. Musathire madzi pa mafuta oyaka. Yendetsani mpeni m'mwamba ndi pansi, kapena ngati mukucheka mafutawo, osati cham'mbali, chifukwa mbali imodzi ikazizira msanga mpeni umakhota. Dikirani mpaka uzizire moti n'kuugwira.

Pukutani mafuta ndipo yendetsani tupa kodulira. Pa ulendo woyamba kapena wachiwiri mukhoza kupala kachikopa kofewa ka pamwamba, koma pansi pake muyenera kumva kuterereka ndi kulira kwa galasi. Ngati chitsulo chikudyeka, sichinalimbe. Mwina moto unachepa, mwina munachedwa panjira. Bwererani pamoto, mupumitse kamodzi, muyesenso.

Kuchotsa ukali

Mpeni umene mwaugwirawu ndi wolimba ngati galasi ndipo ungasweke ngati galasi. Musauyese podula, musaugwetse, musauwongole ndi nyundo, ndipo musausiye mpaka mawa, chifukwa umatha kung'ambika wokha uli pathebulo. Uyenera kufundidwanso pang'ono tsiku lomwelo kuti utaye kulimba kwina n'kupeza mphamvu yopirira.

Ngati muli ndi uvuni wa magetsi kapena wa gasi, tsukani mafuta onse ndi sopo, ikani mpeni pa madigiri 200 kwa ola limodzi, utulutseni uzizire, n'kubwerezanso ola lina.

Ngati mulibe uvuni, mitundu idzakutsogoleraninso, koma ino ndi mitundu ina, yooneka pa chitsulo chowalitsidwa, ndipo imafuna kuwala kwa masana kapena nyali yabwino. Palani mbali imodzi ndi sandipepa iwale. Tenthetsani chitsulo chonenepa mpaka chifiire, chiikeni pa njerwa, ndipo gonekani msana wa mpeni pamwamba pake, kodulira kuli m'mwamba, mukuuyendetsa pang'onopang'ono. Nsonga ikhale kunja chifukwa imatentha msanga. Muona mtundu ukubadwa kumsana n'kumakwera: poyamba wa udzu wouma, cha pa madigiri 220, kenako wa uchi woderako, kenako wofiirira ngati nthuza yakupsa, kenako wabuluu cha pa 300. Chimene mukufuna ndi chakuti mtundu wa udzu wouma ufike kodulira pamene msana uli wofiirira kapena wabuluu. Ukangofika, viikani m'madzi kuti kutentha kuime. Pano madzi alibe vuto chifukwa chitsulo sichofiira. Palaninso ndi kubwereza kachiwiri. Musafulumize. Mitundu ikamathamanga, chotsani mpeni pa chitsulocho kamphindi. Buluu akafika kodulira, mpeni wafewa kwambiri ndipo muyenera kubwerera kokalimbitsa.

Mchira nawo uyenera kukhala wofewa. Kulungani mpeni ndi nsanza yonyowa, n'kutenthetsa mchira wokha mpaka udutse buluu.

Chigumbu ndi kunola

Palani mbali zonse ziwiri ndi sandipepa kapena pa mwala mpaka kodulira kupyapyale. Ngati mukugwiritsa ntchito grinder, khudzani pang'ono n'kuviika m'madzi pafupipafupi. Mukaona buluu m'mphepete, malo amenewo afewa kale.

Musanaike chigumbu, uyeseni. Nolani pang'ono, kulungani mchira ndi nsanza, ndipo semani mtengo wouma wolimba kangapo. Kodulira kukabenthuka, ukali udakalipo. Bwerezani kufunditsa pa moto wokwererako pang'ono. Kukapindika ngati chitini, mpeni ndi wofewa. Kukakhala momwe kunalili ndipo kukudulabe pepala, mwakhoza.

Cheketsani timipata pa mchira ndi tupa kuti guluu agwire, thirani guluu wa epoxy m'bowo, lowetsani mchira, ndipo khomerani chigumbu kuchokera kumbuyo ndi chibonga, mpeni utapanidwa pakati pa matabwa awiri. Mawa lake semani chigumbucho chigwirizane ndi dzanja la amene adzaugwiritse ntchito, chisalazeni, n'kuchipaka phula la njuchi losungunula ndi mafuta pang'ono.

Nolani pa mwala wonyowa, msana utakwera pang'ono moti pansi pake pangalowe makobidi awiri osanjikiza, mbali imodzi mpaka mumve kakhambi kopyapyala kuseri, kenako mbali inayo. Malizani pa lamba wachikopa kuti kakhambiko kachoke.

Chitsulo cha sipuling'i chimachita dzimbiri. Mukadula tomato, anyezi kapena ndimu, mpeni udzayamba kuda n'kukhala wotuwa. Kudako musakupale, kumateteza chitsulo. Dzimbiri lofiira ndi limene muyenera kulichotsa ndi phulusa lonyowa likangooneka. Auzeni a pakhomo kuti mpeni uwu suviikidwa m'beseni pamodzi ndi mbale: ukatsukidwa upukutidwe nthawi yomweyo, upakidwe kadontho ka mafuta ophikira, ndipo upachikidwe pa imodzi mwa ngowe zija munasula poyamba.